Malangizo kwa Ofuna Kukwirira Dzina la Dera Popanda Maliro

Inu akuluakulu amene mwapatsidwa mpando woyendetsa wailesi ya kanema, ndipo tulo sitikubwera chifukwa anthu a m'madera akuumirirabe kumva za kwawo, tcherani khutu kuno, pakuti anzanu a ku Britain anakulambulirani kale njira, ndipo chimene chatsala kwa inu ndicho kuponda m'mapazi awo ndi mtima wosagwedezeka.

Lamulo lalikulu ndi ili: dzina musaliphe masana anthu akuona, angasonkhane pa maliro. Wailesi ya ITV, imene inayamba kuulutsa mu 1955, inali mbumba ya makampani, iliyonse ndi dera lake, chizindikiro chake ndi kanyimbo kake: Granada ku Manchester, Yorkshire ku Leeds, Tyne Tees ku Newcastle, Border ku Carlisle, ndi Anglia ku Norwich, imene inkadziwika ndi msilikali wasiliva wokwera pa kavalo. Litadza lamulo la zoulutsa la 1990, ziphaso zinagulitsidwa pa mpikisano mu 1991, kotero kuti Thames inalandidwa London ndi Carlton, pamene Central, posowa wolimbana nayo, inatenga dera lake ndi mapaundi 2,000 okha pa chaka. Ndipo kuyambira pamenepo makampaniwo anayamba kumezana, wamkulu kumeza wamng'ono, kufikira ku England ndi Wales kunatsala zimphona ziwiri, Granada ndi Carlton, zimene nazonso zinasanduka thupi limodzi mu 2004. Koma taonani ulemu umene anachitira maina aja. Pa 28 Okutobala 2002 anawachotsa pa kanema mwakachetechete, nawasiya kuti azisuzumira pang'ono pa nthawi ya mapologalamu a m'dera pokha, kuti wodandaula aliyense ayankhidwe kuti dzina likalipo, angodikira 6 koloko madzulo.

Mukafuna kudziwa mphotho ya phuma, funsani amene mu 1996 anafafaniza Tyne Tees tsiku limodzi naika m'malo mwake Channel 3 North East, dzina lonunkha ofesi limene palibe mayi angatche mwana wake. Anthu anang'ung'udza, ndipo mu 1998 dzina lakale linabwerera pa mpando. Kuthamanga sikufika, achikulire.

Dzina likagona, gwirani dera lenilenilo, mulikoke mbali zonse monga akungira chikopa pa ng'oma, kufikira munthu wa kumapiri ndi wa kunyanja ayesedwe a mudzi umodzi. Mu 2009, bungwe loyang'anira mawailesi la Ofcom litavomereza, ITV inachepetsa magawo a nkhani za m'madera kuchoka pa 17 kufika pa 9, ndipo anthu pafupifupi 430 anauzidwa kuti akapume. Nkhani za Plymouth zinayamba kuwerengedwa ku Bristol. Anthu a ku Carlisle ndi a kumwera kwa Scotland, amene pologalamu yawo ya Lookaround inali yawoyawo, anapatsidwa mphindi 15 zochokera ku Gateshead, tsidya lina la dziko, ndipo chilumba cha Isle of Man chinanyamulidwa pa mapu n'kuperekedwa kwa Granada osanyowa ndi phazi lomwe. Musaope kuti BBC idzakuchititsani manyazi, pakuti nayonso, ngakhale imadya ndalama za laisensi zimene aliyense woonera kanema amakhoma, mu Disembala 2022 inatseka nkhani za Oxford ndi za Cambridge, kotero kuti wa ku Oxford tsopano amamva za kwawo kuchokera ku Southampton, mtunda wa makilomita oposa 100, pamodzi ndi mbiri ya zombo zimene sadzakwera.

Pochita zonsezi, mawu akuti ndalama asatuluke m'kamwa mwanu. Nenani kuti mukukonza zinthu, nenani kuti anthu a masiku ano ali pa intaneti, nenani kuti banja limodzi liyenera dzina limodzi. Chenicheni n'chakuti otsatsa malonda anasamukira ku Google ndi Facebook, ndiponso kuti nkhani za m'madera zinali msonkho umene ITV inkapereka posinthana ndi mafunde oulutsira, amene anali osowa kale, koma anatsika mtengo pamene matchanelo anachuluka ndipo dziko lonse linalowa m'dijito mu 2012. Izi n'zomveka, ndipo munthu atazinena poyera sindikadamutsutsa. Chimene chimandiwawa ine ndi kuuzidwa kuti ndapindula. Mtolankhani amene ankakhala pa msonkhano wa khonsolo kufikira usiku, amene ankadziwa kuti chipatala chakuti chinalonjezedwa liti ndipo analonjeza ndani, akachotsedwa palibe amalowa m'malo mwake, ndipo khansala amene akudziwa kuti kamera ili kutali amagona tulo tabwino kuposa mmene ayenera.

Koma tibwerere ku ntchito yathu. Atolankhani amene atsala musawasiye akhale m'nyumba, anthu angaganize kuti dera mwalitaya. Mtumeni mmodzi, makamaka tsiku la mvula, akaime usiku kunja kwa nyumba ya boma imene inatsekedwa 5 koloko, m'mene mulibe munthu ngakhale mlonda, ndipo ali chiimire pamenepo, ambulera ikulimbana ndi mphepo, afotokoze zimene muulutsi wa mu situdiyo wangotha kunena. Pakuti nkhani yonenedwa ndi munthu wouma ndi mphekesera chabe, koma yonenedwa ndi munthu wonyowa ndi umboni wakuti munafikako. Akhale yekha, adzijambule yekha, alumikize yekha zithunzi m'galimoto, kenaka athamangire tauni ina imene dzina lake adzalitchula mopotoka. Ngati palibe nyumba yotseka pafupi, mseu uliwonse wodutsa magalimoto ukwanira.

Zina n'zazing'ono, ndingozitchula. Pa mapu a zanyengo lembanipo matauni osiyanasiyana tsiku ndi tsiku, kuti aliyense aone kwawo kamodzi pa mwezi, mtima ukhale pansi. Situdiyo zonse zipakidwe utoto umodzi ndi kanyimbo kamodzi. Pomaliza nkhani pasalephere kagalu kapena bakha.

Anthu akapitirizabe phokoso, aphungu awo nalowererapo, musaumitse khosi kufikira kuthyoka, koma bwezani kagawo. Mu Seputembala 2013 Lookaround inabwezeredwa mphindi zake 30, ndipo anthu a ku Carlisle anamvanso za kwawo mokwanira, zikuwerengedwa ndithu ku Gateshead komwe kuja. Chikalata cholengeza kukoma mtima kwanu chilembedwe ku likulu, ndipo mlembi ayambe wayang'ana pa mapu, kuti asalakwitse kalembedwe ka dzina la tauni imene mukuikomera mtimayo.