Matope a mvula yolira ena

Akatswiri a zamadzi masiku ano ali kalikiliki kuvuula m'madzi mankhwala amene akatswiri anzawo anathira m'masofa kuti asamayake. Chovuulira chake ndi kaboni, m'bale wake wa makala, pomwe makalawo ndi mwana wa moto womwe tinkathawawo. Mwambi uja wakuti walira mvula walira matope wapherezeka mochititsa manyazi.

Ena mwa olira mvulayo ndi a ku California. Mu 1975 analamula kuti siponji ya m'mipando izipirira lawi kwa masekondi 12, ndipo opanga mipando anaikhathamiritsa mankhwala monga PBDE, omwe ankaikidwanso m'ma TV ndi m'makompyuta. Tsoka ilo, mankhwalawa sakhazikika. Amatuluka pang'onopang'ono n'kulowa m'fumbi, fumbi likwera pa malaya, malaya akachapidwa madzi ake ulendo wa kumtsinje, kumene nsomba ikudikira. Mankhwalawa sawola msanga, ndipo amakonda mafuta a m'thupi. Ku Sweden ofufuza anapeza kuti pakati pa 1972 ndi 1997 kuchuluka kwake mumkaka wa m'mawere kunkawirikiza kawiri pa zaka pafupifupi 5 zilizonse. Apa pokha mwambiwu ukunama, chifukwa khanda loyamwalo silinalireko mvula. Wina anganene kuti moto umapha usiku umodzi pomwe mankhwala amachita kuzengereza, ndiye bola matopewo. Mfundoyi ndi yolemera, koma California yomweyo inasintha lamulo lake mu 2013: tsopano amangoona ngati nsalu ndi zam'kati mwa mpando zingapirire ndudu yofuka, mayeso otheka popanda dontho la mankhwala. Apo n'kuti pangano la mayiko la ku Stockholm litaletsa kale mitundu ina ya PBDE mu 2009.

Tsono taonani chokolopera matope. Mu 2004, ku Manchester, Andre Geim ndi Konstantin Novoselov anasenda kaboni wonga wa mu mtima wa pensulo ndi selotepi mpaka kutsala kachikopa ka atomu imodzi, graphene, ndipo mu 2010 analandira nako mphoto ya Nobel. Inde, selotepi yomatira mabuku ong'ambika ija. Galamu imodzi, mutawerenga mbali zake zonse ziwiri, ili ndi malo okwana masikweya mita 2,630, kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a bwalo la mpira. Mankhwala odana ndi madziwa akangoikhudza amakakamira ngati chisoso pa buluku. Zimagwiradi ntchito, sindikutsutsa. Koma ufa wakuda wa graphene nawonso uyenera kuvuulidwa usanafike pampopi, n'chifukwa chake ena amauphatikiza ndi tizitsulo kuti aziukoka ndi maginito. Ukatuluka, utakhuta poizoni, ukatayidwe kuti? Kudzala ayi, mvula ingaubwezere kumtsinje. Njira yodalirika ndi kuutentha m'ng'anjo yamoto waukali zedi, poti moto wofooka umangobala utsi wapoizoni woposa woyambawo. Kunena kwake, mankhwala oletsa moto tikukawatula kwa moto, uku tikuupempha kuti chonde uyake kwambiri.