Zenera la Alandilodi Lalowa Zipani Zonse

Chiperoni chikafika mu Juni ndi Julayi, ife a mu Blantyre timakumbukira juzi, mawindo n'kuwaiwala. Kamvula kowaza kaja kamaoneka kopepera, koma madzi ake amatsetsereka pagalasi n'kukakhazikika m'munsi mwa felemu, ndipo dzimbiri limayambira pomwepo. Limadya chamkati, penti ali phee pamwamba.

Ku Zingwangwa kuli alandilodi ena amene mankhwala awo a dzimbiri ndi amodzi basi: penti. Walendi akatuluka, penti. Wina akamalowa, penti, lendi n'kukwera. Tsiku lina walendi watsopano anadandaula kuti zenera lakuchipinda silitseguka, ndiye mkuluyo, monyinyirika, anaitana mmisiri. Mnyamatayo anayamba kupala. Pamwamba panali penti wabuluu. Pansi pake wa olenji. Kenako wabuluu winanso, kenako wachikasu, ndipo pansi penipeni wobiriwira, wa nthawi ya Kamuzu.

"Madala," anatero mmisiri uja akupukuta thukuta, "zenera lanuli lalowa zipani zonse."

"Ndiye uzipala mwaulemu," anayankha alandilodi. "Chitsulo chinatha kalekale. Chomwe chikugwira galasilo ndi zipanizo."

Mmisiri weniweni sachita manyazi ndi burashi yawaya. Amapala, n'kukwecha ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, kenako amapaka penti wofiira uja wa red oxide, akauma m'pamene amaika wokongoletsa. Pitani ku nyumba zakale za Malawi Housing Corporation, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, za ku Nkolokosa kapena ku Chitawira: pamene eni ake ankasamala, mawindo akutsegukabe mpaka lero, pomwe ena ogula dzanadzanali apindika kale. N'chifukwa chake mwini felemu yakale salola kuitaya.

Bambo wina wa ku Bangwe anazula yake kuti akaiwotcheretse ku Ndirande, poti kumeneko ndiye kuchimake kwa zitsulo. Atakwera nayo minibasi ya ku Limbe, kondakitala anaiyang'ana kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Bigi, windoyo ilipira mipando iwiri."

Analipira, komabe anamuuza kuti aifungatire. Ali m'njira, anthu atathinana anayianayi, mayi wina kumbuyo anakuwa: "Abale, tsegulani windo, tikufa kuno!" Mawindo a minibasiyo anali omanga ndi waya. Bambo uja, mwakachetechete, anatsegula yake ija.

Ku Ndirande anapeza magetsi atazima, wowotcherera atakhala pabenchi, magalasi akuda a pamsika ali pamphumi. "Siyani kangachepe kogulira ma rod, mubwere Lachisanu." Sanatchule kuti Lachisanu la mwezi uti. Tsiku lomwe ntchito inatha, felemu inali yowongoka bwino, mahinji atsopano, koma pamalo pa chogwirira chomwe chinathyoka panali buleki ya njinga.

"Achimwene, ichi n'chiyani?"

"Zogwirira zamtundu uwu anasiya kupanga, bwana. Koma musadandaule. Mphepo ikamaliwombetsa, mungogwira buleki."

Nkhani ya putty ndiye ina. Phala lomatira galasili amapanga ndi choko chosakaniza ndi mafuta, ndipo limatenga masiku kuti liume. Mkulu wina wa ku Chilomoni, kumunsi kwa phiri la Michiru, anamata mawindo ake onse Loweruka. Lamulungu pobwera kutchalitchi anapeza putty yense kulibe, galasi limodzi lili pansi. Anamatanso, m'mawa mwake chimodzimodzi. Anayamba kuyang'ana aneba ndi diso lofiira, mpaka kufunsira za sing'anga wa ku Mulanje. Mkazi wake ndi amene anatulukira mfitiyo kuseri kwa bafa: mdzukulu wawo, atandandalika ng'ombe zisanu ndi imodzi zowumba bwinobwino, pamodzi ndi ngolo yake.

"Agogo," anatero mwanayo, "mukamatenso mawa. Kwatsala khola."

Koma wa ku Machinjiri ndiye anandimvetsa chisoni. Atatopa ndi mbava, anawotcheretsa zitsulo zotchinga pazenera lapabalaza, zonenepa kuposa chala chachikulu, n'kumauza aliyense pabawo kuti tsopano ngakhale khoswe ayenera kugogoda. Anaiwala kuti nyumbayo inamangidwa ndi dothi m'malo mwa simenti, komanso kuti ogula zitsulo zakutha amagula pa sikelo. Usiku wina wamvula anyamata anagumula njerwa zozungulira n'kunyamula zenera lonse ndi zitsulo zake zomwe. Wailesi, TV ndi mipando sanakhudze.

M'mawa aneba anasonkhana kudzapepesa. Mayi wina anasuzumira pabowopo, n'kuona TV ili pamalo pake.

"Thokozani Mulungu, bambo a kwathu, katundu wanu wapulumuka."

Mwini nyumba anapukusa mutu. "Zenera lapita, chabwino. Chikundiwawa n'chakuti anaiona TV yangayi, anakambirana, n'kugwirizana kuti zenera ndiye labwinoko."