Nyani, Adimini wa kwa Nsabwe

Padangokhala. Tilitonse!

Kwa Nsabwe, kumwera kwa Thyolo, nyama zinafika posowa chochita. Nkhalango ya m'phiri anthu anaigwetsa, nthochi za ku Thekerani zinatha ndi chisaka, ndipo tiyi, ngakhale abiriwire chotani, sadyeka. Tsiku lina Kalulu anatola foni imene mayi wina anagwetsa pothamangira kukapimitsa dengu lake la tiyi kwa kapitawo. Mwezi usanathe, aliyense anali ndi yake. Musandifunse kuti anazipeza bwanji; pajatu otchola tiyi amawerama tsiku lonse, ndipo matumba awo ngobooka.

Kalulu anatsegula gulu pa WhatsApp nalitcha Boma la Masanje. Mmenemo munali zipani, nduna, sipikala, zonse zongoyerekeza. Netiweki inkagwira bwino pachulu chimodzi chokha, choncho dzuwa likapendeka nyama zinkaunjikana pomwepo kumatumizirana mauthenga zitakhala phewa ndi phewa.

Anapangana kuti wopambana azilamula mwezi umodzi, voti ya mnzako osaifufuta, ndipo wosintha chipani azisiya mpando, monga limanenera gawo 65 la malamulo a anthu. Kamba, amene amalemba pang'onopang'ono koma saiwala, anawonjezera lina: aliyense woona mlonda wa esiteti ndi agalu ake azilemba pagulupo mawu amodzi, "Mvula." Ili lokha silinali la masanje, chifukwa bandulo ankagula ndi makademiya otola usiku m'munda wa eni ake.

Mwezi woyamba anapambana Gwape, wachiwiri Nungu. Wachitatu anapambana Nyani, ndipo pamodzi ndi mpandowo anamupatsa udindo wa adimini. Apa ndi pamene Nyani anazindikira kuti adimini ali ndi chala chotha kufufuta uthenga wa wina aliyense.

Mwezi utafa, nyama zinavota. Kutacha, mavoti a Kamba anali atasanduka timizere tonena kuti uthengawu wafufutidwa.

"Achimwene, iyi si tipekisi iyi?" anafunsa Kamba.

"Ndi netiweki, madala," anatero Nyani akukanda kukhwapa. "Komanso mukupsera mtima chiyani? Si masewera awa?"

Nkhani inapita kwa oweruza, Kadzidzi ndi anzake anayi. Iwo anakumbutsa bwalo kuti ngakhale kwa anthu, pa 3 Febuluwale 2020, oweruza asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019 chifukwa cha zolakwika zambiri, kuphatikizapo utoto woyera wa tipekisi womwewu, ndipo mu Juni anthu anavotanso. Chigamulo cha akadzidziwo chinali chachitali, chomveka bwino. Nyani anachiwerenga mpaka kumapeto, anaikapo kachithunzi ka chala chachikulu, kenaka anawachotsa akadzidzi onse asanu pagulupo.

Yekhayo amene anaombera m'manja anali Birimankhwe. Ameneyutu anayamba masewerawa ali wachikasu, mwezi wa Gwape anali wabuluu, wa Nungu anali walalanje, ndipo pakati pake anayesako kufiira. Gawo 65 likatchulidwa, ankangotembenuza diso limodzi kumwamba, lina pansi, nkunena kuti iye sanasinthe chipani, yasintha ndi nthambi. Nyani anamupatsa unduna wa zachuma, ndiye kuti wosunga makademiya.

Panalibe amene anachita zionetsero. Gwape anangotuluka. Mawa lake anatuluka Nungu. Kalulu, mwini gulu, anatuluka osatsanzika. Kamba anatenga masiku atatu kuti apeze batani lake, koma naye anatuluka. Nyani ankaona timauthenga ta otuluka tija nkumaseka, poti otsutsa anali kutha okha popanda iye kutuluka thukuta. Anadzilengeza Pulezidenti Wamuyaya, ndipo pa chisankho chotsatira anapeza mavoti onse, awiri.

Usiku wina wa mwezi wowala anakwera mtengo wa makademiya, foni ili m'manja, akulemba uthenga wopita ku mtundu wonse. Khwangwala anamuona mlonda akutsika ndi agalu atatu m'kanjira ka pakati pa tiyi. Analemba "Mvula" msangamsanga, monga mwa pangano, pa gulu latsopano limene Kalulu anatsegula dzana lake. Mafoni analira m'mapanga ndi m'mauna monse. Ya Nyani inali zii.

Za mchira wake tisanene zambiri. Ofuna kudziwa akaone pamene amakhalira, mpaka lero mpofiira.

M'mawa anafika pachulu akutsimphina, napempha kuti amulowetse pagulu latsopanolo. Kalulu anati zimenezo ayankhe ndi nduna yoona za umembala. Nyani anakweza maso. Panthambi panali Birimankhwe, wobiriwira ngati nsonga ya tiyi, thumba la makademiya lili pambali pake.

"Pepani bambo," anatero Birimankhwe, diso limodzi lili pa Nyani, lina pa Kalulu. "Kuno timatsata malamulo."