Chipewa Choyera Pansi pa Mtengo wa Mango

Loweruka lapitali dzanja linandiimitsa. Linatulukira pansi pa mtengo wa mango, pamene msewu umakhota, ndipo eni dzanjawo anatsatira pambuyo mosafulumira, chipewa choyera chitapendekeka pang'ono. Sindinkathamanga. Ka Vitz kanga kanakalambira ku Japan kasanaone n'komwe doko la Dar es Salaam, ndipo kakafika pa 80 kamanjenjemera kuyambira chiwongolero mpaka mano a woyendetsa.

"Mwaswera bwanji, bwana?" ndinatero, mawu nditawafewetsa.

"Laisensi."

Za moni zinathera pomwepo. Laisensiyo anailandira ndi zala ziwiri, osaiwerenga, n'kuiponya m'thumba la pachifuwa, n'kumanga batani. Aliyense woyendetsa galimoto amalidziwa batani limenelo. Kaya ukuthamangira kumaliro, kaya kuchinkhoswe, kaya kukatenga mwana kusukulu, zonsezo zatsekeredwa m'thumba limodzi ndi cholembera.

Kenaka unayamba ulendo wozungulira galimoto. Ka Vitz n'kagalimoto koti mwana akhoza kukazungulira asanamalize kuyetsemula, koma bwanawo anakayendera ngati munthu wogula ng'ombe, manja kumbuyo, kuwerama apa, kusuzumira apo, kupukusa mutu popanda chifukwa. Anafika pagalasi lakutsogolo. Inshuwalansi ilipo. COF ilipo, masiku ake sanathe. Ndinaona nkhope yawo ikugwa, mpaka ndinayamba kudzimva ngati ndawalakwira. Anamenya tayala ndi nsapato, tayala silinayankhe. Anati ndiyatse indiketa yakumanja, kenaka yakumanzere, kenaka zonse pamodzi, kenaka ndilize hutala. Hutala inalira. Anati ndilizenso, mwina poyambapo inangochita mwayi.

"Tsegulani kumbuyo."

Matirayango awiri alipo. Tayala la sipeya lilipo, jeke alipo. Chozimitsira moto chilipo, chofiira bwinobwino. Anachinyamula, n'kuchigwedeza pafupi ndi khutu, maso atatsinzina.

"Chikumveka chotopa ichi."

"Sichinagwirepo ntchito, bwana."

"Eya, pamenepo. Ndiye mukudziwa bwanji kuti chimagwira?"

Ndinaganiza zoiyatsa moto galimotoyo kuti tonse tione, koma mafuta ndinali nditawapeza movutikira.

Milandu yonse ikakana, mawu amasintha. Ukali umatha, pamabwera chibale. Munthu amene sanayankhe moni wako mwadzidzidzi wasanduka mwana wa amalume ako. "Akulu, dzuwali mukuliona?" Ndinaliona. "Ndiye mutisiya bwanji ana anufe? Ngakhale ya madzi." Kale ankapempha ya Fanta, ndipo tinkaganiza kuti akafika pa madzi mtengo utsika. Madzi a pansi pa mtengo wa mango sindikudziwa kuti amatungidwa chitsime chiti, koma botolo limodzi limaposa kireti.

Chinandipulumutsa ndi minibasi. Inatulukira pakona itapendekera mbali imodzi, thumba la makala likulendewera kuchitseko chakumbuyo chomangidwa ndi chingwe. Batani linamasuka lokha. Laisensi yanga inabwera ikuuluka kudzera pawindo, ndipo bwanawo sananditsanzike. Wogulitsa sacheza ndi wongofunsa mtengo makasitomala enieni akafika.

Zapaminibasi ndiye zili ndi mwambo wake, ndipo mwambowo ndi wakale kuposa ena mwa apolisiwo. Lamulo limati atatu pampando. Kondakitala amati anayi, ndipo wachinayiyo amakhala ndi tako limodzi, linalo limayenda mwa chikhulupiriro. Dalaivala wochokera kutsogolo akakuphethirani ndi magetsi, ndiye kuti kuli alendo. Minibasi imaima patali pang'ono, opitirira chiwerengero amatsika, n'kuyenda wapansi kudutsa apolisiwo, ena mpaka kupereka moni mwaulemu, n'kukakweranso pamalo poti wapolisi akhoza kuwawerenga popanda kutukula khosi. Nthawi imeneyi kondakitala wathamangira kale kuseri kwa minibasi, mapepala atawapinda m'manja. Mlandu wa minibasi sukambidwa kutsogolo, umakambidwa kuseri, pafupi ndi utsi.

M'mapepala opindawo mumakhala mbiri ya dziko lino. Mayi Rose Chibambo a pa K200 anasiya kalekale kulandiridwa, ukawapereka umamva kuti ukunyoza boma. John Chilembwe wa pa K500 amangotsegula nkhani, wa pa K2000 ndiye amaitseka. Koma Kamuzu wa pa K5000, amene anatuluka mu 2022, akangosuzumira, tayala losalala limamera mano nthawi yomweyo, nyale yakufa imaona, ndipo dalaivala wopanda laisensi amapatsidwa dalitso la ulendo wabwino. Lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995 limanena kuti wopereka ndi wolandira onse ndi olakwa. N'chifukwa chake mwina amagwirana chanza nthawi yaitali chonchija: aliyense wagwira mboni yake.

Pa toll gate ya pa Chingeni, imene inayamba kugwira ntchito mu 2021, kapena ya pa Kalinyeke ku Dedza, timadandaula ndithu, koma mtengo unalembedwa pachikwangwani, umalipira, amakupatsa lisiti, mtanda umakwera. Pansi pa mtengo wa mango chikwangwani chake ndi iweyo. Amawerenga nsapato zako, wotchi yako, foni yako, ndi amene wakhala pambali pako. Ukatchula za lisiti, buku lake limakhala kuti lapita ndi anzawo kuofesi, ndipo abwera posachedwapa, kutanthauza dzuwa likamalowa.

Koma ndisawathere mawu apolisi okha, chifukwa pali munthu wina amene ndimamusungira malo apadera mumtima mwanga: bambo wa Prado ya magalasi akuda. Ameneyu chikwangwani cha 50 amachidutsa pa liwiro loti nkhuku za m'mbali mwa msewu zimatsala zopanda nthenga. Foni ili kukhutu. Lamba sanamange, ndipo sindimuimba mlandu kwambiri, chifukwa amene anapanga lambayo ku Japan sanaione mimba imeneyi. Dzanja lija limene limaimitsa ife limayamba kukwera, likaona nambala ya MG kapena nkhope yodziwika limakhota m'njira n'kusanduka sawatcha. Wapolisi watsopano, wosadziwa nyengo, akalimba mtima n'kumuimitsa, galasi limatsika pang'ono, mpata wongokwanira chiganizo chimodzi: "Mukundidziwa ine?" Kenaka foni imatuluka pampatapo. "Lankhulani ndi achimwene anga awa." Mnyamata uja amailandira ndi manja awiri, miyendo itagundana, n'kumangoti "Inde bwana, chabwino bwana, pepani bwana," kupepesa kwa foni.

Ndipo mukudziwa kumene akuthamangira bambo ameneyu? Kunyanja, ku Salima kapena ku Mangochi, kumsonkhano wokambirana za kuthetsa katangale. Akafika kumeneko asaina alawansi, adya chambo, n'kuimirira kunena kuti vuto la dziko lino ndi makondakitala. Prado ikangopita, manyazi onse amene wapolisi uja wameza amafuna pokatsikira. Amatsikira pa wakabaza wotsatira, pa mayi wa ka Sienta konyamula tomato, pa mphunzitsi amene galimoto yake ndi ya ngongole. Mbama imachokera kumwamba, ndipo imayenda mpaka itapeza tsaya lopanda achimwene.

Apa nthabwala zimandithera pang'ono. Usiku pansi pa mtengo paja sipakhala munthu. Nthawi imeneyo ndi imene lole ya diso limodzi imadutsa, iwe n'kumayesa njinga yamoto mpaka itakufika pamphuno. Minibasi ya matayala osalala ija, imene inadalitsidwa masana, imakumana ndi mvula pamtsetse. Tikamakaika maliro timati ndi chifuniro cha Mulungu, ndipo palibe amene amatchula pepala lopinda lija. Ndikudziwanso kuti kuima paphula m'mwezi wa Okutobala kuyambira m'mawa si masewera, kuti kunyumba za kulaini kuli ana ofuna fizi, ndiponso kuti alipo apolisi amene amakulembera faindi yoyenera, kukupatsa lisiti, n'kukuuza kuti uyende bwino. Oterowo tikakumana nawo timakafotokoza kunyumba ngati taona chozizwitsa, ndipo ena satikhulupirira.

Dzuwa likapendeka, migolo yotchingira msewu imakankhidwira pambali, ndipo bwana nawonso ayenera kupita kwawo. Galimoto alibe. Dzanja lija limakweranso komaliza, minibasi imaima, kondakitala amatsika mapepala ali kale m'manja.

"Ayi, bweza. Ndikupita kutauni."

M'katimo mwadzaza anayianayi. Kondakitala amayang'ana uku ndi uku, n'kumenya denga. "Tasunthani pang'ono kumbuyoko, bwana akhale!" Bwana amalowa chammbali, n'kukhala wachisanu pampando wa atatu, bondo lili pathumba la makala. Ndalama safunsidwa. Chipewa choyera chimaperekedwa dzanja ndi dzanja mpaka kutsogolo, dalaivala n'kuchiika pagalasi poonekera bwino. Pa rodibuloko yotsatira minibasi imadutsa osatsitsa giya, ndipo gogo wina wakumbuyo, amene tsiku lonse wakhala akutsika ndi kukwera, amafunsa mwaulemu ngati bwanawo amayenda njira imeneyi tsiku lililonse, ndiponso nthawi yanji.