Lupanga Langa ndi Mkondo wa ku Lilongwe

Chikwanje chakwera mtengo, abale. Wogulitsa atanditchulira ndalama zake ndinamufunsa ngati akugulitsa pamodzi ndi munthu wokadula mitengo. Sanaseke. Anati ndikadandaule kwa amene anagwetsa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo anandilozera kummwera, kumene msewu wa M1 ukwera phiri.

Chikwanjecho ndimachifunira anyani. Aliyense wodutsa pa Chiweta amawadziwa. Amakhala m'mbali mwa msewu kudikira apaulendo awaponyere nthochi, ndipo nthochi zikachepa amabwera kudzayendera chimanga changa.

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, atamva dandaulo langa anatulutsa foni. "Malume, chikwanje n'chachifupi. Taonani izi."

M'foniyo munali azungu awiri, akuluakulu ndithu, atavala zophimba nkhope za waya. Wina wagwira lupanga ndi manja onse awiri, lotalika kupitirira mita imodzi. Mnzake wagwira mkondo wa mamita awiri. Masewerawa amati HEMA: anthu a ku Ulaya amafukula mabuku akale a nkhondo n'kumayeseza zolembedwamo, kenako n'kugwirana chanza. Lina mwa mabukuwo linalembedwa ndi Fiore dei Liberi wa ku Italy cha m'ma 1400. Winanso, George Silver, anasindikiza lake ku London mu 1599, ndipo anaikira kumbuyo ndodo yaitali kuti imaposa lupanga.

Wa lupanga uja ankangobayidwa. Pachifuwa, pabondo, pachifuwa kachiwiri. Chifukwa chake n'chapafupi: wa mkondo akangogwedeza dzanja pang'ono, nsonga yachoka pankhope yafika pamwendo, pamene mnzakeyo ayenera kuyenda ulendo wonse kuti afike pomwe lupanga lake lingagwire ntchito. Ine ndinamukonda wa lupangayo nthawi yomweyo. Anaoneka munthu wodikira kutha kwa mwezi.

"Chinsinsi n'kumenyera mkondo pambali, n'kulowa m'kati," ndinatero, ngati kuti Fiore uja tinasewera naye bawo. Mphwanga anati tikayese.

Kuseri kwa nyumba iye anatenga nsungwi yothyolera mango. Ine ndinatenga mpini wa khasu, poti lupanga langa linatsala m'sitolo. Ndinaima monga mzungu uja, mwendo kutsogolo, mimba m'kati momwe inalolera. Nsungwi inandipeza pamchombo. Ndinati sindinakonzeke. Inandipeza paphewa. Ndinati dzuwa likundithobwa m'maso. Inandipezanso pamchombo, pamalo omwe aja, ngati inasiyapo katundu. Nditaganiza zolowa m'kati mwamphamvu, mnyamatayo anangobwerera phazi limodzi, ine n'kupitirira mpaka m'khola la nkhuku.

"Malume, mwafa kale," anatero mwaulemu, akundipatsa dzanja.

Ndinamuuza kuti mbiri sakuidziwa. Shaka anafupikitsa mkondo dala kuti ankhondo ake azibaya ali pafupi. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835 ndi mkondo waufupi womwewo, ndipo kumpoto kuno anthu anauona. Aphoka anakwera m'mapiri, ena ankabisala m'phanga kuseri kwa mathithi a Manchewe, kufupi ndi kumene Dr Robert Laws anadzamanga Livingstonia mu 1894. Chachifupi chimapambana, ndinatero.

"Angoniwo anali ndi chishango, malume."

Ndinalowa m'khitchini n'kutuluka ndi chivundikiro cha poto. Ndipo tsopano zinayamba kuyenda! Nsungwi inagunda chivundikiro, ndinalowa phazi limodzi, lachiwiri, mpini uli m'mwamba, mbiri ya Ulaya yonse ili pafupi kulembedwanso. Pomwepo mayi a kunyumba anatulukira.

"Bambo a ana, usipa wanga ukuwira wosavundikira chifukwa cha zimenezi?"

Anatenga chishango changa n'kubwerera nacho ku moto. Nsungwi inandipeza pamchombo.

Usiku, ndikuthowa mimba ndi madzi otentha, ndinazindikira kuti masewerawa ndakhala ndikusewera moyo wanga wonse, wopanda chophimba nkhope. Mkondo uli ku Lilongwe, nsonga yake ili pa Chiweta. Mtengo wa mafuta umandibaya ndisanaone n'komwe dzanja limene lagwedezeka. Ndikati nditchinge pa feteleza, wafika pa shuga. Ndikatchinga pa shuga, wafika pa minibasi ya ku Mzuzu. Ndikati ndilowe m'kati ndikafunse, amati abwana ali ku msonkhano kunyanja, abwerera phazi limodzi basi, ine ndili m'khola la nkhuku.

Koma pa msewu wokhawu sindiseka. Malole a malasha ochokera m'mapiri athu ano amadutsa atadzaza, a mafuta ochokera ku Dar es Salaam nawonso, ndipo msewu wa Chiweta kupita ku Karonga unakumbika anthu akuona. Mayi wodwala matenda a kubereka amagwedezeka m'maenje amenewo usiku, pamene wosainira mapepala a msewuwo ali kutali kumene fumbi lake silifika. Mzungu wa mkondo uja ndimamulemekeza pa chinthu chimodzi: amaima pabwalo limodzi ndi mnzake, ndipo akaphonya naye amamenyedwa.

Andale athuwa amafika pafupi kamodzi pa zaka zisanu, atanyamula zitenje ndi malaya a chipani. Tsiku limenelo ndiye lolowa m'kati, koma manja onse awiri amakhala ali kalikiliki kulandira.

Za anyani, mayi a kunyumba agamula. Mphwanga ndiye azilondera munda ndi nsungwi yake, ine ndiziimba chitini ndili chapatali, kumene sindingavulale. Dzulo mnyamatayo wandiuza mwaulemu womwe uja kuti msilikali wa mkondo salondera ulere, ndipo malipiro ake akufuna kumayambiriro kwa mwezi.