Makatoni atatu ndi sitepe yachisanu ndi chiwiri

Amene anandipweteka msana ndine ndemwe. Amayi a kunyumba akuti ndizinena choncho ndikamafotokozera anthu odzandizonda, ndisiye zoti "ngozi ya pantchito".

Kuntchito kwathu ku Limbe timapikulitsa mapepala, makope ndi zolembera. Abwana atamva kuti lamulo la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito limaika udindo pamutu pawo, ananditumiza ku maphunziro a tsiku limodzi. Ndinabwerako ndi setifiketi, alawansi komanso matama. Mphunzitsi anatipatsa miyeso ya ku Britain: mwamuna makilogalamu 25, mkazi 16, ndipo apo ndiye kuti katunduyo wamukumbatira pamsinkhu wa chiuno. Ukamatola pansi penipeni, mwamuna 10 basi. Ndinaseka chamumtima. Ine amene ndinakulira ku Ntcheu ndikusenza thumba la chimanga la makilogalamu 50 kupita nalo kuchigayo?

Lolemba lotsatira kunabwera lole yodzaza makatoni, onse ofunika kukwera kusitolo ya pamwamba. Ndinatenga fomu yanga n'kuyamba kuunika zinthu zinayi zimene tinaphunzira: ntchito yake, wonyamula, katundu, malo. Pamenepo ndinaigwiradi ntchito, musandilande. Masitepe ndinawerenga 14, opapatiza, babu lake linapsa kalekale, ndipo yachisanu ndi chiwiri inali yobenthuka m'mphepete. Masamu a katundu ndiye ndinawakonda: pepala limodzi la A4 ndi magalamu 5, rimu ya mapepala 500 ndi makilogalamu 2.5, katoni ya marimu asanu 12.5. Pansi ndinalemba mokhathamiritsa inki kuti aliyense azinyamula katoni imodzi, apinde mawondo, asapotokole thupi.

Anyamata otsitsa katundu anangondiyang'ana. Kenako madala wina, amene wakalambira pa ntchitoyi, anafunsa mwaulemu ndithu: "Bwana, nanga cholembera chanucho chimalemera makilogalamu angati?"

Kunabuka phwete. Mtsikana wa pakauntala nayenso anabisa nkhope m'buku la malisiti.

Ndinapinda fomu, kuiika m'thumba, n'kusanjikiza makatoni atatu. Masamu ndinkawadziwa, 37.5, ndinawawerenga ndili chiweramire, miyendo ili njo ngati mitengo ya magetsi. Ndinadzutsa katunduyo ndi msana wokhawokha. Katoni yapamwamba inandiphimba maso, moti ndinkaona dzina la kampani ya mapepala lokha, litayandikira mphuno.

"Achimwene, tsitsani imodzi," anatero wina.

"Ingoonani," ndinayankha.

Masitepe asanu ndi imodzi ndinakwera ngati munthu. Ndiye foni inalira m'thumba lakumbuyo, nyimbo yake ija ndinaikira apongozi. Sindikudziwa kuti ndinkafuna kuiyankha ndi dzanja liti, koma ndinatembenuka m'chiuno, phazi n'kupeza pobenthuka paja ndinalemba ndekha. Kumsana kunamveka kuti thyo. Makatoni anatsika okha, imodzi n'kuphulika, mapepala kuti mbwee mpaka pakhomo. Ine ndinatsala pakati pa masitepe, chowerama ngati ndikupalira, kulephera kukwera, kulephera kutsika. Ngakhale kutsokomola kunali kofunika kupempha chilolezo.

Ananditsitsa anthu anayi. Madala ndiye ankalamula: "Pindani mawondo, ana inu! Musapotokole thupi, katunduyu ndi wopitirira 25!" Kukafika pagalimoto anandikankha pangolo ya makatoni, nsapato zikukwekwereza pansi.

Adokotala anati fupa lili bwino, ndakoka mnofu. Anandipatsa mankhwala opha ululu n'kundiuza kuti ndisamangogona, ndiziyenda pang'onopang'ono. Kwa milungu iwiri masokosi ankandiveka ndi mwana wanga wa Sitandade 4, pamtengo wa K200 phazi limodzi.

Nditabwerera, babu anali atasintha, sitepe ataimata simenti, anyamata akunyamula katoni imodziimodzi. Pa desiki panga panali buku lolembamo ngozi, lija ndinavutitsa nalo abwana kuti agule. Tsamba loyamba, nambala 1, dzina langa. Pofunsa chimene chinachititsa ngoziyo, madala anangolemba kuti: "Onani fomu yawo."