Fodya wa Pachala ndi Seva ya ku Karonga

Agogo athu sanaonepo seva, koma mlandu wake anauweruza kalekale. Anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Munthu watsina fodya wopera, ndiye m'malo mokoka wayamba kufotokoza za ng'ombe imene inalowa m'munda wa mpunga. Mwera ukangowomba kuchokera kunyanja, chala chatsala chokhachokha.

Seva, kompyuta ija yosunga kaundula wa ofesi yonse, nayo imakonda kucheza fodya ali pachala. Kulemba pa disiki kumachedwa, makamaka pa madisiki ozungulira aja. Ndiye akatswiri anakonza write cache: zimene mwalemba zimayamba zaima mu memore yothamanga, disiki n'kukuyankhani mwaulemu kuti, "Zalembedwa, bwana," isanalembe n'komwe. Ilemba ikapeza mpata. Linux nayo imatha kusunga zolembazo m'memore yake masekondi 30 isanazitsitsire pa disiki. Memore imeneyi imakumbukira magetsi akamayaka basi. Akathima, sikudziwani.

Amene anakonza njirayi amakhala kumayiko kumene magetsi akathima nkhani imatuluka m'nyuzi. Kwathu kuno zimatuluka pa ndandanda, tsiku ndi ola, ndipo nthawi zina mdimawo umafika msanga kuposa ndandandayo. Inde, Karonga ili ndi siteshoni ya Wovwe, koma mphamvu yake siyifika mamegawati 5. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa Shire, kumapeto ena a Malawi. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 anazimirira, ndipo kukonza kunatenga chaka ndi miyezi.

Musaganize kuti bomali lilibe zosunga. Ku Chilumba kafukufuku wa zaumoyo anayamba mu 1979 ndi matenda a khate, ndipo akupitirira pansi pa bungwe la MEIRU. Pa chipata cha Songwe, katundu wochokera ku Dar es Salaam amalowa m'kompyuta asanalowe m'dziko. Koma tiyeni titenge kaofesi wamba ka kopaletivi ya mpunga wa Kilombero. Mlimi wapereka matumba 12, kalaliki walemba, lisiti latuluka, magetsi thi! Akayaka, lisiti likuti 12, kompyuta ikuti bamboyu sinawaonepo chibadwire. Zikatere ndiye mwayi, poti lisiti lilipo. Tsoka lenileni ndi pamene mbali ina yalembeka, ina ayi, kaundula yense n'kukana kutseguka Lolemba m'mawa, mzere utafika pamsewu.

Pa Windows nkhaniyi ili m'timabokosi tiwiri. Koyamba kamayatsa write cache. Kachiwiri kamauza kompyuta kuti isiye kukakamiza disiki kutsitsa zimene yagwira, ndipo pansi pake pali chenjezo loti musakakhudze ngati disikiyo ilibe magetsi akeake apadera. Chenjezoli limawerengedwa kwambiri pambuyo pa ngozi.

Ine sindikuti write cache ndi mfiti. Liwiro lake ndi lenileni, ndipo kalaliki amene amaweruka mochedwa chifukwa cha seva yaulesi ali ndi chifukwa chodandaulira. Koma wofuna kuika fodya pachala ayambe watseka zenera. Pakhale khadi ya RAID, yoyendetsa madisiki, yokhala ndi batire yakeyake, imene imasunga zolembazo mpaka magetsi atabwera. Pakhale UPS, batire yogwiriziza seva magetsi akathima, yolumikizidwa ndi chingwe choti iuze seva kuzima bwinobwino mphamvu isanathe. Pakhalenso kope la kaundula lomwe wina anayesapo kulitsegula.

Ndipo mabatirewo aziyesedwa. Kutentha kumadya batire, ndipo aliyense amene anagonapo ku Karonga mu Novembala akudziwa kuti yathu imakalamba ili mwana. Kuonjezera apo, UPS ya mu ofesi ili ndi ntchito zina zimene wopanga sanazilote: yanyamula mafoni a ofesi yonse, fani ya abwana, ndi tochi ya alonda. Magetsi akathima imalira kawiri n'kugona. Mukamufuna mnyamata wa IT amene anachonga kabokosi kachiwiri kaja, akuuzani kuti ali ku msonkhano ku Mzuzu, ndipo abwera Lachisanu ngati alawansi yatuluka.